Thumba la makilogalamu 50 si la munthu mmodzi

Nyengo yokolola ikafika, kapena feteleza akayamba kufika m'madepoti, anyamata aganyu amakhala pamzere kumbuyo kwa lole. Wina ali pamwamba akukankhira thumba m'mphepete, wina pansi wapereka phewa, thumba lija phi! Mnyamata uja amagwedera pang'ono, n'kuthamangira nalo m'nyumba yosungira katundu. Pofika masana wadutsa njira imeneyi maulendo osawerengeka. Malipiro ake ndi a pathumba, ndiye angapumirenji?

Thumba la chimanga, la feteleza ndi la simenti, onsewa ndi makilogalamu 50. Tinazolowera kwambiri moti timaliona ngati katundu wa munthu mmodzi, koma akatswiri a zachitetezo pantchito amanena zosiyana. Bungwe la NIOSH la ku America linakonza mu 1991 njira yowerengera katundu woyenera, ndipo malire ake ndi makilogalamu 23 basi, pamene zonse zili bwino: katundu ali pafupi ndi thupi, pamlingo wa m'chiuno, ali ndi pogwira pabwino, ndipo munthu sakupotoka. Ku Britain, bungwe la HSE limayika makilogalamu 25 kwa bambo ndi 16 kwa mayi. Katundu yemweyo akakhala pansi penipeni kapena pamwamba pa mapewa, manja atatambasuka, mlingo umatsika kufika makilogalamu 5 kwa bambo ndi 3 kwa mayi. Chigubu cha madzi cha malita 20, chomwe amayi amasenza tsiku ndi tsiku, chadutsa kale mlingo wa mayi. Zoona, bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO mu 1967 linatchula makilogalamu 55, koma amenewo anali malire oti bambo wamkulu asapitirire, osati katundu woti azinyamula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Chimene chimavulaza kwenikweni ndi mtunda wa pakati pa katundu ndi mimba yanu. Tayesani kugwira ndowa yamadzi itakhudza ntchafu, kenako muitambasulire kutsogolo. Madzi ndi omwewo, koma msana ukuuzani kuti zasintha. Pakati pa mafupa a msana pali tinthu tofewa tokhala ngati timapilo. Mukawerama miyendo ili chiwongokere n'kukoka thumba lomwe lili patali, timapilo ta m'munsi, cha m'chiunomu, timapanikizika ndi mphamvu yoposa kulemera kwa thumbalo kangapo. Nthawi zambiri sikuti timaphulika tsiku limodzi ayi. Timatha pang'onopang'ono ngati chingwe chokhuzika pamwala, ndipo tsiku lomwe munthu adzalephere kudzuka, mwina amangotola khasu.

Ndiye musanagwire thumba, yambani mwaona njira. Chotsani miyala, zingwe ndi chimanga chotayika pasimenti, chifukwa chimaterera. Imani pafupi ndi thumbalo, miyendo motalikirana pang'ono, wina patsogolo. Pindani mawondo ndi chiuno, gwirani mwamphamvu m'makona, likokereni pamimba, ndipo dzukani mosathamanga, miyendo ndiyo igwire ntchito. Osalinyamula modzidzimutsa. Pokhota, tembenukani ndi mapazi, thupi lonse lipite pamodzi. Kupotokola chiuno thumba lili m'manja, monga timachitira poponya matumba kuchokera pasikelo kupita pamulu, ndi kumene kumapweteka anthu ambiri.

Nyamulani awiri, koma dziwani kuti anthu awiri sanyamula katundu wa anthu awiri wathunthu. Malangizo a HSE amati awerengeredwe magawo awiri mwa atatu a mphamvu zawo pamodzi, chifukwa sakweza nthawi imodzi ndendende ndipo amapingana miyendo. Sankhani anthu ofanana msinkhu, ndipo mmodzi aziwerenga mokweza asananyamule. Posenza, pakhale wokutwikani ndi wokutulani, nkhata ikhale yokhuthala. Kudzitula nokha thumba lodzaza n'kuika khosi pachiswe.

Tsopano kwa inu akapitawo ndi eni malo ogulirako mbewu, mbali yaikulu ndi yanu. Munthu angaphunzire kupinda mawondo bwino chotani, akamanyamula kasanu pamphindi imodzi thupi limatopa ndipo kanyamulidwe kabwino kaja kamaiwalika. HSE inanena kuti pa liwiro lotere mlingo wa makilogalamu uja udulidwe ndi theka. Wilibala imodzi kapena kangolo ka matayala awiri n'kotchipa kuyerekeza ndi wantchito amene wagona mwezi wathunthu. Lole iime pafupi ndi khomo. Sikelo ikhale pamalo okwera pang'ono kuti thumba lisamachokere pansi nthawi zonse. Mulu ukapitirira mapewa, pangani masitepe ndi matumba omwewo m'malo moponya m'mwamba. Anthu azisinthana, wonyamula apiteko kosoka matumba kapena kolemba. Lamulo la Malawi la 1997 loona za chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha anthu pantchito limapereka udindo umenewu kwa olemba ntchito. Ana asanyamule matumba odzaza, ngakhalenso amayi oyembekezera. Pakhomo, palibe amene angakulipitseni mukagawa thumba pawiri popita kuchigayo.

Msana ukayamba kuwawa mutanyamula katundu, nthawi zambiri umachira pakadutsa masabata ochepa. Musagone chigonere, yendayendani ndi kugwira tintchito topepuka. Koma pitani kuchipatala ngati ululu ukutsikira m'mwendo mpaka kuphazi, mwendo ukuchita dzanzi kapena kufooka, kapena mwaona chotupa m'mphechepeche chomwe chimatuluka mukatsokomola, chifukwa chingakhale chophuka. Mukayamba kulephera kukodza kapena kusunga mkodzo ndi chimbudzi, kapena kuchita dzanzi pakati pa miyendo, musadikire kuti kuche, pitani tsiku lomwelo. Ngati mwavulalira pantchito, uzani kapitawo nthawi yomweyo ndipo zilembedwe m'buku, popeza pepala limenelo ndi lomwe lidzafunike pa nkhani ya chipukuta misozi.