Kupeza anthu okhudzidwa ndi ntchito yachitukuko ku Chigwa cha Shire

Mwafunsa za anthu oyenera kukambirana nawo musanamange khoma lotchinga madzi osefukira ku Nsanje kapena ku Chikwawa. Choyamba, kadziwitseni ofesi ya DC (bwanamkubwa wa boma), chifukwa ntchito zachitukuko zimadutsa ku khonsolo ya boma. Kenako pitani kwa mfumu yaikulu, yomwe idzakutumizeni kwa magulupu ndi anyakwawa.

Chachitatu, khalani pansi ndi makomiti a chitukuko a m'dera la mfumu yaikulu (ADC) ndi a m'midzi (VDC), muwafunse amene amalima malowo, amene amadyetserapo ng'ombe, komanso pamene asodzi amakocheza mabwato awo. Apa musapupulume, popeza amayi olima madimba m'mbali mwa Shire sayankhula momasuka pabwalo la amfumu, choncho kakumaneni nawo paokha.

Pomaliza, lembani mayina a onse amene adzataye malo, ndipo mukafunsenso midzi ya kumunsi kumene madziwo adzalowere.