Difu yowotcherera siyoyendera pamsewu wa mvula

Mvula yangoyamba kumene, koma magalimoto a anyamata okonda mipikisano ayamba kale kufika m'magalaja ali pachingwe, ina bampala itapindika, ina tayala lakumbuyo litapenya kumbali. Ukafunsa chomwe chachitika, onse akuti msewu unali woterera. Koma ukaikweza pa jeke n'kuzunguza tayala limodzi lakumbuyo, linzake likutsatira mbali yomweyo, gwagwagwa, osagwedera n'pang'ono pomwe. Difu, kabokosi ka magiya ka pakati pa matayala akumbuyo komwe kamalola kuti azungulire pa liwiro losiyana pokhota, ndi yowotcherera. Vuto lagona pamenepo, mvula yangoliika poyera.

Ambiri anazionera kwa anzathu a ku South Africa, kumene masewera ozunguza galimoto anakulira m'makomboni monga Soweto, ndi BMW 325i ija amaitcha gusheshe. Kumeneko bungwe la Motorsport South Africa linawavomereza masewerawa mu 2014, ndipo ovomerezekawo amachitikira m'mabwalo otchingidwa. Pabwalo difu yowotcherera ili ndi ntchito yake, chifukwa matayala onse awiri amakhululuka pamodzi ndipo galimoto imazungulira momwe ukufunira. Chondidandaulitsa n'chakuti Altezza kapena Mark II yomwe Loweruka inali kufuka utsi, Lolemba m'mawa ndi yomweyo ikuperekeza mwana kusukulu mvula ili mkati.

Matayala akumbuyo a galimoto ngati BMW E30, mtundu wa gusheshe ija, anatalikirana pafupifupi mita 1.4. Mukakhota pamphambano wamba, tayala lakunja limayenera kuyenda mamita oposa 2 kuposa lamkati, ndipo mukatembenuka kubwerera komwe mwachokera kusiyanako kumapitirira mamita 4. Difu anaiikira zimenezo. Mukawotcherera timagiya ta mkati, mamita amenewo sachoka ayi, tayala limodzi limangoyenera kukwekwerezeka pansi. Pa tala wouma mumalimva likulira pamene mukuimika galimoto, n'kusiya mzere wakuda ngakhale mukuyenda ngati wapansi. Pa tala wonyowa simumva kalikonse, koma tayala lomwe layamba kale kukhululuka silikhalanso ndi mphamvu yogwira msewu. Galimoto imayamba yakana kukhota, mutu ukulunjika patsogolo. Dalaivala amawonjezera chiwongolero, n'kupondako moto kuti imvere, ndipo pomwepo kumbuyo kumatembenuka kamodzin'kamodzi. Sizifuna liwiro lalikulu. Pa raundabauti iliyonse ya mu Blantyre kapena Lilongwe, mvula yoyamba ikafukula oyilo ndi dizilo zomwe zakhala zikudonthera chilimwe chonse, liwiro la mumzinda ndi lokwanira kukufikitsani mungalande.

Bambo wina wolima fodya ku Kasungu anatipeza tikukambirana zimenezi pagalaja, ndipo anapukusa mutu, nati alimi zimenezi amazidziwa kalekale. Pa Massey Ferguson pali pedulo ya kuchidendene chakumanja yomangira difu thirakitala ikatitimira m'matope. Iye anati chaka china pedulo ija inakanirira chifukwa cha dzimbiri, ndipo atafika kumapeto kwa munda anapinda chiwongolero mpaka kutha, koma thirakitala inangolunjika ndithu n'kukagwetsa phaka za chigafa, fodya wopachika yense pansi. Anatifunsa kuti, ana anga, chinthu chomwe ife timamasula tisanakhote pa liwiro la ng'ombe, inu mukuchiwotcherera kuti chisamasukenso, kenako n'kulowa nacho mu M1? Panalibe woyankha.

Ndatopa kumva mawu akuti "ndinaizolowera". Mwaizolowera pa tala wouma, muli nokha, mukuyembekezera kuti iterereka. Simunaizolowere usiku, minibasi itaima mwadzidzidzi pokhota, wakabaza ali kumanzere kwanu. Enanso akuika matumba a mchenga m'buti kapena kupopa matayala akumbuyo mopitirira muyeso poganiza kuti akonza vutolo. Kupopa kwambiri kumachepetsa labala yokhudza pansi, ndipo katundu wa m'buti amangowonjezera mphamvu yoponya kumbuyo galimoto ikayamba kutembenuka. Zizolowezi zimenezi zisiyeni.

Ngakhale ngozi itakuphonyani, ndalama zikutuluka tsiku ndi tsiku. Matayala akumbuyo amaperepeseka msanga kwambiri chifukwa pokhota paliponse akupalidwa. Mphamvu yomwe difu ikanamasula imapita m'mashafti, m'majointi ndi m'malabala ogwira difu, ndipo shafti imakonda kuduka ponyamuka chiwongolero chili chopinda, pakati pa mphambano penipeni. Kuwotchererako nakonso nthawi zambiri kumachitika difu isanatsukidwe bwino, oyilo akadali m'mano a magiya, kotero chowotchereracho chimasweka. Zidutswa zake zikalowa pakati pa giya yaikulu ndi yaing'ono, difu yonse yatha, ndipo imatha kumanga matayala galimoto ili pa liwiro.

Kumbali ya malamulo, chimene chimakugwiritsani msanga ndi matayala. Tayala losalala silingapeze COF, chiphaso chotsimikiza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu, kwa a Road Traffic, ndipo wapolisi wa pamsewu safuna chida kuti alione. M'ngalande za tayala muli timabampu tosonyeza kutha kwake, totalika mamilimita 1.6, ndipo mizere ikafanana nato tayalalo lisamayendenso pa mvula. Inshulansi ndiye nkhani yaikulu. Ngati munasintha galimoto osawauza, owunika ngozi akapeza difu yowotcherera kampani ikhoza kukana kulipira, ndipo galimoto ya yemwe mwamugundayo ndi chipatala chake zigwera inu.

Chochita n'chachidule. Khalani ndi madifu awiri, yowotcherera ya pabwalo ndi yabwinobwino ya pamsewu. Pa magalimoto amenewa kusintha ndi ntchito ya masana amodzi kwa makaniko wodziwa, bola magiya ake akhale a muyeso wofanana. Amene angakwanitse agule ya LSD, yomwe imagwira matayala onse mukaponda moto koma imalola kusiyana pokhota. Pa E30 muyang'ane kachitsulo ka nambala kumbuyo kwa difu, kakayamba ndi S ndiye imeneyo, ndipo muthiremo oyilo wake wolembedwa LS. Matayala a pabwalo akhale pa malimu awoawo, muziwanyamula m'buti n'kukasintha komweko, osabwerera nawo kunyumba ali pagalimoto. A inshulansi auzeni polemba kalata zonse zomwe mwasintha. Ngati ndalama ya difu yachiwiri palibe, galimotoyo izipita kubwalo pa ngolo yokoka, ndipo mkati mwa sabata iime pakhomo mpaka mvula idzathe mu Epulo.