Momwe mungakonzere Kerbal Space Program kuti woyamba kumene asaithawe

Kerbal Space Program ndi gemu yomanga maroketi n'kuwaulutsa kupita mumlengalenga, ndipo siinyengerera munthu. Roketi yomangidwa molakwika imapindika n'kuphulika, mafuta akakutherani panjira mumatsala komweko. Mwana amene anazolowera mpira wa pa PlayStation akaphulitsa roketi kangapo amangoimirira n'kupita kukasewera panja. Gemuyo ndi yabwino, koma momwe imabwerera si momwe muyenera kuiperekera kwa munthu watsopano. Muchotsemo zilango zimene sizimphunzitsa kanthu, mumuonetse manambala ofunika, kenako mumusiye aziyendetsa yekha. Umu ndi mmene ndinaikonzera ana a achemwali anga ku Mabvuku, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, pa laputopu yakale ndithu.

Kuipeza

Gulani yoyamba ija, osati Kerbal Space Program 2. Yoyambayo inapangidwa ndi kampani ya Squad ya ku Mexico City, inatuluka koyamba mu 2011 ndipo inamalizidwa mu 2015. Pano inaima pa 1.12, sakuisinthanso, zimene ndi zabwino kwa ife chifukwa zimene mwakonza lero zidzakhalabe choncho mawa. Yachiwiri inatulutsidwa isanathe mu 2023, ndipo situdiyo imene inkaipanga inatsekedwa mu 2024.

Pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, mtengo wake ndi pafupifupi madola 40, ndalama yambiri kwa munthu wa kuno. Musathamange. Iikeni pa wishlist, dikirani sale, imatsika kwambiri. Mu January 2023 anaigawa ulere pa Epic Games Store kwa sabata imodzi, choncho funsani kaye achinyamata a kwanu, mwina wina ali nayo pa akaunti imene anaiwala. Kulipira kumafuna khadi ya madola yogwira pa intaneti. Ngati mulibe, wachibale wa ku Johannesburg kapena ku UK angakuthandizeni.

M'tauni muli anyamata okhala m'timashopu ta mafoni amene amakuikirani magemu mu fulashi pa dola imodzi kapena awiri. Zimenezo n'zakuba, ndiponso simudziwa kuti akupatsani ya chaka chanji ndi zimene anathiramo. Nkhani yawo ndiifotokoza pansipa.

Pochita dawunilodi gwiritsani ntchito bandulo ya usiku kapena WiFi ya kuntchito. Laputopu ya RAM 4GB imayendetsa koma mokoka miyendo, ya 8GB ndiye bwino. Mu Settings tsitsani Texture Quality ifike pa theka, zimitsani anti-aliasing, chepetsani za mithunzi ndi za nthaka. Mwana sasamala za kukongola kwa mapiri, koma roketi ikamadukiza ponyamuka amakwiya.

Ikangotha kulowa, musanaitsegule n'komwe, koperani foda yonse ya gemuyo muiike pena, kaya pa fulashi. Imayenda bwinobwino kuchokera pa foda yokoperayo. Imeneyo muisunge, musamaikhudze.

Sevu yatsopano

Sevu ndi posungira pamene wosewera wafika. Pali mitundu itatu: Sandbox, Science ndi Career. Anthu ambiri amapatsa woyamba Sandbox poganiza kuti ndi yophweka popeza zonse n'zotsegula. Ine ndikukana. Mwana amaona zida mazanamazana, amatenga injini yaikulu kuposa zonse, n'kumanga chinthu chimene sichingauluke. Career nayo ili ndi ndalama, makontirakiti, ndi nyumba zofunika kuzikweza musanaloledwe kukonzeratu njira yanu pa mapu. Sankhani Science. Mumayamba ndi zida zochepa kwambiri, zina zimatseguka mukabweretsa zofufuza, ndipo palibe za ndalama.

Pa Difficulty onetsetsani kuti izi n'zoyatsa: Allow Reverting Flights, Allow Quickloading ndi Missing Crews Respawn. Yomalizayi musaipeputse. Ana amamukonda Jebediah, kamunthu kobiriwira kamene kamangoseka roketi ikugwa, ndipo akamwalira osabweranso pamakhala maliro enieni m'nyumba. Ine ndimazimitsanso CommNet, ya kulumikizana ndi zombo pa wailesi, poyamba, kuti asavutike ndi nkhani ya ma antena asanadziwe n'kufika komwe kumwambako. Kutentha kwa pobwerera m'mpweya ndimakusiya pamene kali. Kumeneko ndi phunziro, si chilango.

Ma mod: apa khalani pansi

Ma mod ndi zowonjezera zimene osewera ena analemba, ndipo ndi zaulere. Onse amalowa mu foda yotchedwa GameData. Njira yabwino yowaikira ndi pulogalamu ya CKAN, imene imaona yokha gemu yanu kuti ndi ya nambala yanji, n'kukuonetsani ma mod ogwirizana nayo, n'kukokanso ena amene mod yanuyo imadalira, monga ModuleManager.

Laputopu yathu inabwera ndi gemu yoikidwa kale. Tinaigula yogwiritsidwapo ntchito m'tauni, ndipo mnyamata wogulitsayo anatiikira magemu ngati basela, iyi ili ndi ma mod ambirimbiri, ati kuti izikoma. Inkatenga nthawi yaitali kutseguka, nthawi zina n'kungoima pakati pa mzere wa loading osasunthanso. Komabe ana anasewera, mpaka wamkuluyo anafikitsa chombo chozungulira Mun, mwezi wa m'gemumo, muli Valentina, mnzake wa Jebediah. Tsiku limene ndinayamba kuchotsa ma mod kuti laputopu ipume, titatsegula sevu panatuluka uthenga wakuti chombo china sichinatheke kulowa chifukwa zida zina zikusowa. Chombo chija kunalibenso. Mwana anangoti, "Amalume, mwatani?" ndipo sanandilankhule mpaka chakudya chamadzulo.

Chimene chimachitika n'chakuti gemu imalemba chombo chilichonse mu fayilo ya sevu ngati mndandanda wa zida. Ngati chida chimodzi chokha, ngakhale kathanki kakang'ono, chinachokera ku mod imene mwachotsa, gemu siingachimangenso chombocho, ndiye imachisiya chonse. Ikangosevanso yokha, chapita. Choncho ma mod ali pawiri. Ena amangoonetsa manambala kapena kukongoletsa, amenewo kuwachotsa sikuvuta kwenikweni. Ena amabweretsa zida zatsopano, ndipo amenewo mukawaika pa sevu ya mwana ndiye kuti mwakwatirana nawo. Chenjerani, ngakhale ma mod ena a manambala ali ndi kachida kawo komata pa roketi. Ngati mwana anakamata, ndi chimodzimodzi.

Nditafufuza mu foda ija ndinapezanso china. Mkati mwa GameData munali GameData ina, ndipo theka la ma mod linali m'menemo. Zimachitika munthu akamasula fayilo ya zip n'kuponya foda yonse osayang'ana. Ma mod ambiri amafunafuna zithunzi ndi mafayilo awo pa njira yeniyeni, akasochera chonchi amayenda mwatheka kapena kuimitsa gemu. Ena anali a gemu ya zaka zam'mbuyo. Munthu wokuikirani zinthu pa dola imodzi alibe nthawi yoona zimenezo.

Ndiye chitani izi. Musanakhudze mod iliyonse, lowani mu foda ya saves, koperani foda ya dzina la sevu ya mwanayo, muisunge pena. Fayilo yofunika m'menemo ndi persistent.sfs. Ikani mod imodzi, tsegulani gemu, ulutsani roketi, tsekani, kenako ikani ina. N'zotopetsa, koma ikavuta mumadziwa wolakwa. Gemu ikaima potseguka, tsegulani KSP.log ndi Notepad mupite kumapeto kwenikweni. Dzina la chinthu chimene yakakamirapo nthawi zambiri limakhala pamenepo. Mukatsegula sevu n'kuona uthenga wa zida zosowa, tulukani, bwezerani mod ija ndi sevu yanu yosunga ija, musapitirize kusewera. Ife pamapeto tinafufuta zonse za mnyamata uja, tinagula yathu pa sale, n'kuyambira pa foda yoyera.

Nanga muike ati? Ochepa. Kerbal Engineer Redux ndi wokwanira, chifukwa amaika manambala pamaso nthawi zonse. Ngakhale popanda iye, gemu ya masiku ano imaonetsa yokha delta-v (mphamvu yosinthira liwiro imene roketi yanyamula) pambali pa ma stage (magawo a roketi oyaka motsatizana), ndipo ili ndi alamu yake. MechJeb amatha kuulutsa roketi yekha kuchokera pansi mpaka kukatera pa Mun. Ndi wanzeru zedi, koma musampatse woyamba. Mwana amangodina batani n'kumaonerera ngati filimu, sabata ikatha watopa nayo ndipo sanaphunzire chilichonse.

Kapepala pambali pa kiyibodi

Gemuyi ilibe Chichewa kapena Chishona, ndipo ma Training ake ali ndi Chingerezi chambiri. Woyamba achite awiri kapena atatu oyambirira muli pambali pake, otsalawo adzawafuna yekha. Chimene chinathandiza kwambiri kwathu ndi katoni imene ndinalembapo ndi maka: Space kuyatsa gawo lotsatira, Z moto wonse, X kuzimitsa, T kuti roketi isagwedezeke, M mapu, D kupendekera kum'mawa, F5 kuseva, F9 kubwerera. F9 muzichita kuigwira kwa kanthawi. Pa malaputopu ambiri muyenera kudina limodzi ndi Fn, apo ayi mungokweza voliyumu. Ndi mmene magetsi amazimira kunoku, F5 ikhale chizolowezi, makamaka ngati batire ya laputopu inafa kale ngati yathu.

Pansi pa katoniyo lembani manambala atatu: 70 km, pamene mpweya wa dziko la Kerbin, pamene roketi zimanyamukira m'gemumo, umathera, 2,300 m/s, liwiro lozungulira dzikolo chapafupi, ndi 3,400 m/s, delta-v imene roketi ikufunika kuti ikafike kumeneko. Delta-v muzimuuza kuti ndi mphamvu yonse yosinthira liwiro imene roketi yanyamula. Nambala ikapanda kukwana, asavutike n'kuulutsa.

Roketi yoyamba

Kapisozi ya Mk1, parachuti pamwamba, injini ya Flea pansi. Yang'anani mndandanda wa ma stage kudzanja lamanja: parachuti ndi injini zisakhale m'bokosi limodzi, apo ayi zimayaka pamodzi roketi n'kumazungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu. Musiyeni alakwitse kamodzi, amaseka, kenako muonetseni. Aike Mystery Goo (kachida kofufuzira), atenge crew report (lipoti la woyendetsa), atere, adine Recover, atsegule zida zatsopano.

Kuzungulira dziko ndi kumene ambiri amagonjera, chifukwa amaganiza kuti kumwamba ndi kukwera basi. Muuzeni za ZimSat-1, setilaiti yoyamba ya Zimbabwe, imene inatulutsidwa kuchokera pa International Space Station mu December 2022. Siteshoniyo ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 okha, pafupi kuposa ulendo wa pamsewu wochoka ku Harare kupita ku Beitbridge. Chimene chimaisunga kumwamba ndi liwiro la cham'mbali, pafupifupi makilomita 28,000 pa ola: ikugwa nthawi zonse koma dziko likupindika pansi pake, ndiye siifika. Akamva zimenezi amamvetsa chifukwa chopendeketsa roketi.

Zotsalazo n'zachidule. Nyamukani choongoka, liwiro likafika cha m'ma 100 m/s pendekerani pang'ono kum'mawa, poti dziko limazungulira cha komweko ndipo limakupatsani liwiro laulere. Pofika 10 km mukhale mutapendekera theka. Onani mapu, Ap (malo okwera kwambiri pa njira ya roketi) ikafika 80 km zimitsani. Mukayandikira pa Ap yatsaninso molunjika chizindikiro cha kutsogolo mpaka Pe (malo otsika kwambiri pa njirayo) idutse 70 km. Pobwerera tembenukani, yatsani mpaka Pe itsike cha pa 30 km, tayani injini, kumunsi kwa kapisozi kutsogole, ndipo parachuti mutsegule liwiro litatsika.

Za Mun ndi ma maneuver node (zokonzeratu njira pa mapu) adzakufunsani yekha. Akafuna kutera, mutumizeni kaye ku Minmus, mwezi wachiwiri wa Kerbin: ndi kutali pang'ono, koma mphamvu yokoka ndi yochepa ndipo kuli zigwa zosalala. Za docking (kulumikiza zombo ziwiri kumwamba) musazitchule n'komwe mwezi woyamba.