Momwe mungatengere inshuwalansi yokupatsani ndalama mukadwala n'kusiya ntchito

Ambirife tikamva inshuwalansi timangoganiza za imfa kapena galimoto basi. Koma bwanji mutathyoka msana kapena kugwidwa sitiroko, muli moyo ndithu koma ntchito simungagwire chaka chathunthu, lendi ikudikira, ngongole ya ku banki nayo osagona? Inshuwalansi yoteteza malipiro ndi ya zimenezo. Siyolipira mabilu a kuchipatala ayi, iyi imakupatsani ndalama mwezi ndi mwezi ngati salale, kawirikawiri pakati pa 50 ndi 70 peresenti ya zomwe mumalandira. Yonse sangakupatseni, amaopa kuti mungakhazikike pakhomo osafunanso kubwerera ku ntchito.

Poyamba funsani abwana anu kuti mukadwala amakulipirani miyezi ingati, mwina kampani inakulowetsani kale mu inshuwalansi ya gulu inu osadziwa. Ngati ntchito ndi yanuyanu ndiye palibe wofunsa, tsiku lomwe mwagona ndalama yaimanso pomwepo.

Mukadziwa zimenezo sankhani nthawi yodikira. Iyi ndi nthawi yomwe imadutsa kuchokera pomwe mwasiya ntchito kufika pomwe ayamba kukulipirani, nthawi zambiri masabata 4, 8, 13, 26 kapena 52. Mukasankha yaitali ndalama yolipira pamwezi imatsika, koma musangothamangira kutchipa, werengani kaye kuti ndalama yomwe munasunga ndi ija ya kuntchito zingakufikitseni pati. Ngati abwana amalipira miyezi itatu, masabata 13 akukwanira.

Kenako pali pomwe anthu amapusitsika kwambiri, ndipo ine ndimaona kuti apa mpofunika kuposa mtengo. Funsani ajenti kuti "kulephera kugwira ntchito" akutanthauza chani. Polise ina (polise ndi pepala la mgwirizano wanu ndi a inshuwalansi) imalemba own occupation, kutanthauza kuti amalipira mukalephera ntchito yanu yomwe ija. Ina imalemba any occupation, amalipira pokhapokha palibe ntchito ina iliyonse yomwe mungathe. Tiyerekeze dalaivala wa thiraki diso lawonongeka pangozi, sangayendetsenso. Ya mtundu woyamba imulipira, pomwe yachiwiri angomuuza kuti bambo manja muli nawo, mutha kukhala pa desiki n'kumayankha foni, ndiye palibe kanthu. Yoyambayo ndiyodulirapo koma ndi imene ine ndingatenge.

Onaninso kuti adzalipira mpaka liti, ena zaka 2 kapena 5 zokha, ena mpaka mutachira kapena kufika zaka zopuma pa ntchito.

Pa fomu musaname chonde. Ngati mumasuta lembani, ngati muli ndi shuga kapena BP lembani, ngakhale ajenti atakunong'onezani kuti zisiyeni izo zingokweza mtengo. Tsiku lokatenga ndalama amakafunsa kwa dokotala wanu, akapeza kuti munabisa amakana kulipira ndipo zomwe mwakhala mukupereka zaka zonsezo zapita. Matenda omwe muli nawo kale mwina awachotsa pa polise kapena akukwezerani mtengo, koma bola zimenezo.

Mukasaina musadumphitse mwezi polipira, polise imafa. Kuchotsedwa ntchito nako sikulowa umu, iyi ndi ya matenda ndi kuvulala basi. Mukadwala adziwitseni a inshuwalansi msanga osadikira kuti masabata aja athe, adzafuna kalata ya dokotala ndi ma payslip kapena sitetimenti ya ku banki, ndiye mapepalawa asungeni pomwe akunyumba akudziwa chifukwa tsikulo mwina inu mudzakhala muli pa bedi m'chipatala.