Kachidutswa ka sopo kazipita nawo kumunda

Nyengo ya mango ikafika, kuyambira Novembala mpaka Januwale, ndikamayendera alimi m'midzi ndimapeza ana ambiri ali ndi zilonda zakuda m'mbali mwa kamwa, ena matuza m'zala. Makolo amangoti ndi za mango zimenezo, zipola zokha. Zimapoladi, koma mwana amakhala atazunzika sabata yathunthu, pamene sopo wochapira amene ali m'nyumbamo akanatha kupewetsa zonsezi.

Chimene chimawotcha khungu ndi utomoni umene umatuluka pamene bango lathothoka pa mtengo. Utomoniwu uli ndi mafuta, ndipo madzi okha amangoyenderera pamwamba pake monga amachitira pa mbale imene mwadyera nyama yonona. Sopo wa mtanda, uja timagula wodulidwa pa grosale, amapangidwa kuchokera ku mafuta ndi soda waukali, osati wophikira uja. Mbali ina amagwira mafuta, mbali ina amagwira madzi, nchifukwa chake amanyamula utomoni uja nkupita nawo mukamatsukuluza.

Nkhani yonse yagona pa kufulumira. Utomoni ukakhala pakhungu nthawi yaitali umalowerera, ndipo kwa anthu amene thupi lawo siligwirizana nawo, zidzolo zimatha kutuluka patapita tsiku limodzi kapena awiri. Pamenepo sopo sangabweze kanthu. Choncho musadikire kusamba kwa madzulo. Mukangotsika mumtengo sambani m'manja ndi madzi ozizira, thovu lichuluke, lifike pakati pa zala ndi m'zikhadabo, mutsukuluze, mubwerezenso kachiwiri. Mango amene mwathyola ayikeni chozondotsa pansi pa mthunzi kuti utomoni ukhe, kenako atsukeni mwana asanalume khungu lake.

Alimi a fodya, apa ndikukupemphani mumvetsere. Mukamathyola fodya m'mamawa kudakali mame, kapena mvula itangokata, chikonga chimene chili m'masamba chimasungunuka m'madziwo nkulowa m'thupi kudzera pakhungu. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru, mwinanso kusanza, ena nkumayesa malungo. Ndaonapo bambo atakhala pansi pa chigafa, malaya ali chinyowere, manja ali bii ndi utomoni wa fodya, akunyema chimanga chootcha ndi manja omwewo. Zinandiwawa mumtima. Malaya onyowa avuleni msanga, musambe ndi sopo m'manja ndi m'mikono monse musanagwire chakudya. Ana asathyole fodya ndi pang'ono pomwe, matupi awo ndi aang'ono ndipo chikonga chimawagwira msanga.

Chitedze nchosiyana. Chimene chimayabwa ndi tiubweya tating'onoting'ono ta pa makoko ake, timene timabaya khungu ngati timinga. Mukathamangira kukhula ndi sopo mumangotilowetsa mkati ndi kutifalitsa. Yambani mwatichotsa: matani selotepi pamalopo nkumatula, kangapo, kapena thirani madzi ambiri osakhudza ndi dzanja. Sopo abwere pambuyo, mopepuka. Zovala zimene munavala zichapidwe pazokha, chifukwa tiubweyato timakhalira mu nsalu ndipo timasamukira ku zovala za ana mukaziphatikiza m'beseni limodzi.

Za nkhadze ndinene mosabisa. Utomoni wake woyera ngati mkaka ukadontha pakhungu, sopo ndi madzi zithandiza. Ukalowa m'maso, sopo asayandikire. Thirani madzi oyera m'disomo mosalekeza kwa mphindi 15 kapena 20, kenako mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Ambiri amavulala posadza mpanda wa nkhadze, nkupukuta thukuta kumaso ndi dzanja lomwe lagwira nthambi.

Pa zovala, lamulo lake ndi lomweli la kusachedwa. Utomoni wa nthochi poyamba suoneka, umangokhala ngati madzi. Ukauma umasanduka wofiirira, ndipo ukafika pamenepo amayi mudzachapa mpaka manja kusupuka, banga lili pomwepo. Mukadula mkoko, nyowetsani pamene padonthera nthawi yomweyo, pakani sopo mpaka payere, musiye kwa theka la ola musanachape. Ine ndimalangiza kungosankha malaya amodzi akale kuti akhale odulira nthochi. Magazi, kaya a nkhuku kapena a bala, achapeni ndi madzi ozizira, chifukwa otentha amawaphika nkuwamatirira mu nsalu. Girisi wa tcheni cha njinga pakani sopo wambiri pansalu yonyowa pang'ono, tikitani ndi zala, musiye kanthawi. Matope a katondo ndiye asiyeni aume kaye, muwakunthe, kenako muviike. Ndipo chovala chimene banga lake silinachoke musachisite, kutentha kwa simbi kumalikhazikitsa.

Zovala zimene munavala popopera mankhwala m'munda musazisakanize ndi za pabanja. Zichapidwe pazokha tsiku lomwelo, ndipo madzi ake atayidwe kutali ndi chitsime kapena mtsinje.

Komabe sopo wochapira ndi waukali, anapangidwira nsalu. Amaumitsa khungu, ndiye mukatha kusamba tsukuluzani bwino ndi kudzola mafuta. Ndimamva ena akuti pakani sopo pa zidzolo musiye aumire pomwepo, azipsereze. Ayi, musatero. Pakhungu pamene patuluka kale matuza kapena pasupuka, sopo wotsalira amangowonjezera kupsa. Matuza musawaphulitse. Ikanipo kansalu koyera konyowa ndi madzi ozizira, ndipo muwenge zikhadabo za mwana kuti asadzikande mpaka kutuluka magazi. Mukaona nkhope kapena zikope zatupa, chilonda chayamba mafinya, kapena munthu akubanika popuma, thamangani naye kuchipatala.

Vuto limene ndimaliona kawirikawiri ndi loti sopo amatsala kunyumba, pamene munda uli kutali, kuyenda ola lathunthu. Dulani kachidutswa kofanana ndi bokosi la machesi, kaikeni mu sokosi yakale kapena m'kathumba ka ukonde kaja ka anyezi, mumangirire pa chogwirira cha chigubu chimene mumatengera madzi kumunda. Sikagwera m'dothi, sikasowa, ndipo thovu limatuluka bwinobwino kali m'kathumba momwemo.