Momwe mungapezere digiri ya unamwino mwachangu ku America

Ngati muli ndi digiri kale, kaya ya zaulimi, uphunzitsi kapena bizinesi, simufunika kukhalanso m'kalasi zaka zinayi kuti mukhale nesi wovomerezeka ku America. Pali maphunziro achangu a digiri ya unamwino otchedwa ABSN, omwe nthawi zambiri amatenga miyezi 12 mpaka 18. Ine ndinadutsa njira imeneyi, ndipo sindikufuna kuti mupunthwe pomwe ndinapunthwa.

Choyamba, digiri ya kwathu iunikidwe ndi bungwe ngati WES kapena ECE. Sankhani kuunika phunziro lililonse palokha, chifukwa sukulu zimafuna kuona GPA yanu, yomwe ndi avereji ya magiredi anu. Yambani msanga, popeza mapepala amayenera kuchokera ku yunivesite yanu mwachindunji.

Kenako pali maphunziro oyambira: anatomy ndi physiology magawo awiri, microbiology, chemistry, statistics, ndipo sukulu zina zimawonjezera za zakudya ndi kakulidwe ka munthu. Apa ndi pomwe ndinataya chaka chathunthu. Ndinkagwira ntchito usiku yosamalira okalamba, ndalama zinali zochepa, ndiye nditaona kampani ina pa intaneti ikutsatsa microbiology motchipa, yoti umaliza m'masabata ochepa, ndinalipira osafunsa munthu. Ndinawerenga ndi mtima wonse, ndinakhoza bwino. Nditatumiza mapepala, sukulu yomwe ndinkaifuna inayankha kuti phunzirolo silikuwerengedwa: linalibe labu yomwe iwo amavomereza, komanso kampaniyo sinali koleji yovomerezeka. Tsiku lomaliza kulandira mafomu linali litayandikira, moti ndinadikira gulu la chaka chotsatira. Zinandiwawa kwambiri, makamaka poganiza kuti kunyumba ndinali nditawauza kale kuti ndikuyamba sukulu.

Chonde, musanalipire phunziro lililonse, lemberani imelo ofesi yolandira ophunzira, mutchule dzina la koleji ndi nambala ya phunzirolo, ndipo yankho lawo mulisunge. Funsaninso za zaka: sukulu zambiri sizilandira sayansi yomwe munaphunzira kalekale, ena amaika malire a zaka zisanu, ena khumi. Ine ndinakabwereza ku community college ya m'dera langa, komwe mtengo ndi wotsika ndipo labu yake ndi yeniyeni.

Sukulu ya unamwinoyo ikhale yovomerezedwa ndi CCNE kapena ACEN, omwe ndi mabungwe ounika sukulu za unamwino, komanso ndi bungwe la anamwino la state yanu. Wina akakunong'onezani kuti akhoza kukupezerani pepala osalowa m'kalasi, thawani. Mu 2023 boma la America linagwira anthu omwe anagulitsa madipuloma abodza oposa 7,600 kudzera m'sukulu za ku Florida, ndipo ena mwa ogulawo anaitanidwa ndi mabungwe a anamwino kuti akayankhe.

Za ndalama, dziwani kuti Pell Grant, ndalama ya sukulu yomwe boma limapereka yosabweza, saipereka kwa amene ali ndi digiri yoyamba kale, choncho ambiri amadalira ngongole. Ganyu iwalani, nthawi sipezeka.

Sukulu zina zimafuna mayeso olowera a TEAS kapena HESI. Asanakuloleni m'chipatala adzafuna makatemera, satifiketi ya CPR (kutsitsimutsa munthu amene mtima waima) ndi kuyezetsa TB. Ife amene tinabayidwa katemera wa TB wa BCG tili makanda, kuyeza kwa pakhungu kukhoza kuonetsa ngati tili nayo, ndiye pemphani kuyeza kwa magazi.

Mukamaliza, lembetsani ku bungwe la anamwino la state yanu, lipirani madola 200 ku Pearson VUE, kampani yolembetsa mayeso, mukalembe NCLEX-RN, mayeso opezera laisensi ya unesi. Mafunso ndi 85 mpaka 150, maola asanu. Lembani mutu usanazizire.