Momwe mungayesere mota ya ndege ya VTOL pabenchi kuno ku Harare

Ndege za VTOL, zija zimanyamuka molunjika m'mwamba kenako n'kumauluka ndi mapiko, kwathu ku Malawi si zachilendonso. Boma ndi UNICEF adatsegula malo oyesera ma drone ku Kasungu mu 2017, ndipo m'zaka zotsatira ndege zoterezi zidayamba kutula mankhwala kuzipatala zakumidzi. Koma ngati mukumanga yanu kuno ku Harare, musadalire manambala omwe opanga mota adalemba pakatoni. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,490, ndipo mpweya wakuno ndi wopepuka ndi pafupifupi 14 peresenti poyerekeza ndi wa m'mbali mwa nyanja yamchere. Propela yozungulira pa liwiro lomwelo imakoka mochepa, motanso siizizira bwino. Masana a mu Okutobala ndiye zimanyanya.

Choyamba konzani benchi. Owotcherera zitsulo a ku Magaba ku Mbare akhoza kukupangirani chitsulo chopindika ngati chilembo cha L, chokhala ndi hinjesi pakona. Mota imamangidwa kumtunda kwa mkono woimirira, propela ikukankhira mpweya cham'mbali, pomwe mkono wogona umapanikiza sikelo ya manambala. Yezani bwino: kuchokera pahinjesi kufika pakati pa mota kufanane ndi kuchokera pahinjesi kufika pomwe chitsulo chikukhudza sikelo. Zikasiyana, sikelo ikunamizani tsiku lonse. Benchiyo imangidwe pansi zolimba, ndipo komwe mphepo ikulowera kusakhale khoma pafupi. Mufunikanso ESC (kachipangizo kowongolera liwiro la mota), batire ya LiPo (ya lithiamu), wattmeter (yoyezera mavoti, ma ampu ndi mawati), multimeter (yoyezera magetsi m'mawaya), servo tester (youzira ESC kukweza kapena kutsitsa mphamvu), choyezera kutentha cholozera patali, magalasi oteteza maso ndi ndowa ya mchenga, poti LiPo ikayaka siichedwa.

Musamange propela kaye. Zungulitsani mota ndi dzanja, mumve ngati ma bearing akukhula kapena kugwedera. Kenako tengani multimeter muyeze ma ohm pa mawaya atatu a mota, awiriawiri. Manambala onse atatu akhale ofanana, ndipo pasapezeke waya wolumikizana ndi thupi la mota. Mukatero ilumikizeni ku ESC muiyendetse pang'onopang'ono. Ikazungulira chobwerera, sinthanitsani mawaya awiri alionse, basi.

Tsopano masamu pang'ono, chifukwa muyenera kudziwa chomwe mukufuna sikelo ikuonetseni. Tiyerekeze kuti ndege yonse, batire ndi katundu zili momwemo, ikulemera makilogalamu 6 ndipo ili ndi mamota anayi oinyamula. Kuti iime m'malere, mota iliyonse ikoke magalamu 1,500. Omanga ndege ambiri amafuna kuti mota ikatsegulidwa yonse izikoka kuwirikiza kawiri, ndiye kuti magalamu 3,000, kuti potsalapo pazikhala mphamvu yolimbana ndi mphepo potera.

Mangani propela, muonetsetse kuti yayang'ana koyenera ndiponso kuti mapiko ake akulemera mofanana. Imani kumbuyo kwa chotchinga, osati m'mbali mwa propela, chifukwa ikathyoka zidutswa zimaulukira komweko. Ana ndi agalu achoke pabwalo. Ikani sikelo pa ziro, kenako kwezani mphamvu m'magawo: 30 peresenti, 40, 50, mpaka 100. Pagawo lililonse dikirani masekondi pafupifupi 10 kuti manambala akhazikike, mulembe magalamu, mavoti, ma ampu ndi mawati. Pa 100 musachedwepo.

Mukamaliza, gawani magalamu ndi mawati. Ngati pa magalamu 1,500 wattmeter ikuonetsa mawati 190, ndiye kuti mukupeza pafupifupi magalamu 8 pa wati iliyonse. Nambala imeneyi ndi yomwe imakuuzani propela yoyenera. Kawirikawiri propela yaikulu yozungulira pang'onopang'ono imadya batire mochepa kusiyana ndi yaing'ono yothamanga, bola mota ndi ESC zisapyole ma ampu omwe zidalembedwa.

Gawo lomwe ambiri amalidumpha, pomwe kwa ine ndi lofunika kuposa onse, ndi la kutentha. Ndege ya VTOL imavutika kwambiri ikaima m'malere, makamaka ikabwerako n'kupeza mphepo pabwalo, n'kumadikira kutera batire itatsika kale. Choncho ikani mota pa magalamu 1,500 aja muisiye kwa mphindi 3 mpaka 5, mukuyeza kutentha kwake ndi kwa ESC mphindi iliyonse. Chitani zimenezi cha m'ma 2 koloko masana, osati m'mamawa kukuzizira. Maginito wamba a neodymium amayamba kufookeratu akafika cha pa madigiri 80, ndipo mkati mwa mota mumatentha kuposa pomwe mukuyezapo. Thupi lake likamayandikira madigiri 70 likadakwerabe, kapena mukamva kafungo ka vanishi wopserera, zimitsani. Chepetsani propela kapena pezani mota yokulirapo.

Za batire samalani. Selo imodzi ya LiPo imadzaza pa mavoti 4.2, choncho ya maselo 6 imayambira pa 25.2. Mota iliyonse iyambe ndi batire yodzaza chimodzimodzi, apo ayi mudzainamizira kuti ndi yofooka. Poti magetsi a ZESA amathima nthawi ina iliyonse, tchajani mabatire onse dzulo lake. Bwerezaninso kuyesa motayo pomwe selo iliyonse yatsikira cha pa mavoti 3.6, popeza ndi pomwe ndege imakhala ikutera.

Yesani mamota onse anayi, osati imodzi yokha n'kuganiza kuti zinazo zili chimodzimodzi. Ina ikamadya ma ampu ochuluka kuposa zinzake pa magalamu omwewo, ichotseni. Zakuulutsa zili ndi malamulo ake pansi pa Civil Aviation Authority of Zimbabwe, mu Statutory Instrument 271 ya 2018, ndiye kaonaneni nawo ndege isanachoke pansi.